Kenneth: mayina awiri a Chigeliki amene anasanduka dzina limodzi

Munthu akafunsa kuti dzina loti Kenneth ndi la chilankhulo chanji, ambiri mwa ife timayankha mosazengereza kuti ndi la Chingerezi, chifukwa tinalimva koyamba m'kamwa mwa anthu olankhula Chingerezi, ndipo timaliona m'makaundula a sukulu ndi a mpingo litandandalikidwa pamodzi ndi John, Peter ndi George. Koma dzinali si la Angerezi ayi. Kwawo kwenikweni ndi ku Scotland ndi ku Ireland, pakati pa anthu olankhula Chigeliki, ndipo munthu akalifukula bwino amapeza kuti kumeneko silinali dzina limodzi. Anali mayina awiri osiyana, lina lotchuka chifukwa cha mafumu, lina chifukwa cha munthu wa Mulungu, ndipo amene anawamanga mtolo umodzi ndi alembi olemba m'Chilatini ndi m'Chingerezi, osati makolo amene ankatcha ana awo mayinawo.

Chigeliki ndi chimodzi mwa zilankhulo za banja lotchedwa Celtic, ndipo chinagawanika patatu: cha ku Ireland chimene eni ake amachitcha Gaeilge, cha ku Scotland chimene amachitcha Gàidhlig, ndi cha pachilumba cha Isle of Man. Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti ku Scotland kunali anthu pafupifupi 57,000 okha odziwa kuchilankhula, ambiri mwa iwo okhala kumapiri a kumpoto ndi pazilumba za kumadzulo. Chinthu chimodzi chofunika kuchidziwa tisanapite patali n'chakuti Chigeliki cha ku Scotland chimalembedwa ndi zilembo 18 zokha, ndipo pa zilembo zimenezi palibe k ndiponso palibe z. Choncho tikangoona k woyamba wa Kenneth, kapena z wa Mackenzie, tidziwiretu kuti cholembera chinali m'manja mwa munthu wa chilankhulo china.

Dzina loyamba linkalembedwa kuti Cináed, ndipo mwini wake wodziwika kwambiri ndi Cináed mac Ailpín, amene mabuku a Chingerezi amamutcha Kenneth MacAlpin. Iye analamulira m'nthawi yovuta, pamene achifwamba a panyanja ochokera ku Scandinavia, otchedwa Vikings, ankaotcha nyumba za amonke ndi kupha mafumu. Mu 839 achifwambawa anagonjetsa anthu otchedwa Picts, amene ankakhala kum'mawa ndi kumpoto kwa Scotland, ndipo anapha mfumu yawo pamodzi ndi akuluakulu ena ambiri. Patangopita zaka zochepa, cha m'ma 843 malinga ndi mwambo wa mbiri, Cináed anatenga ufumuwo, ndipo analamulira mpaka anamwalira mu 858 ku Forteviot. Ana a sukulu ku Scotland kwa nthawi yaitali ankaphunzitsidwa kuti iyeyu ndiye mfumu yoyamba ya dziko lawo, amene anachokera ku ufumu wa olankhula Chigeliki wa Dál Riata n'kugonjetsa a Picts. Panalinso nthano, imene inabwera mochedwa, yoti anaitanira akuluakulu a Picts kuphwando n'kuwapha mwachinyengo. Koma zolemba za amonke a ku Ireland za nthawi yomweyo, polengeza imfa yake, zimangomutcha mfumu ya a Picts basi, ndipo udindo woti mfumu ya Alba, lomwe ndi dzina la Scotland m'Chigeliki, ukuonekera koyamba mu 900, pa imfa ya mdzukulu wake Domnall.

Nkhaniyi ikukhudza dzinalo mwachindunji, chifukwa Cináed sanali woyamba kulitenga. Zaka pafupifupi 80 iye asanamwalire, mu 775, kunamwalira mfumu ina ya a Picts imene m'ndandanda wa mafumu awo imalembedwa kuti Ciniod. Pa chifukwa chimenechi akatswiri ambiri amakhulupirira kuti dzinali linayambira m'chilankhulo cha a Picts, chimene chinafa osasiya mabuku, ndipo olankhula Chigeliki anangolitola n'kuliumba kuti ligwirizane ndi malilime awo. Ataliumba choncho, mbali yake yomaliza inayamba kumveka ngati áed, mawu akale otanthauza moto amenenso anali dzina lofala la amuna, ndipo apa ndi pamene panachokera tanthauzo limene mabuku a mayina a ana amakonda kulemba, loti wobadwa ku moto. Ena amati mbali yoyamba ndi cion, kutanthauza chikondi kapena ulemu. Matanthauzo onsewa ndi okoma kumva, koma ine ndikuona kuti munthu woona mtima ayenera kuwatenga ngati mmene timatengera mafotokozedwe a mayina ena a midzi yathu, amene anthu anawapeka pambuyo pofuna kumvetsa mawu amene tanthauzo lake lenileni linali litaiwalika kale.

Mafumu ena awiri anatenga dzinali. Wachiwiri analamulira kuyambira 971 mpaka 995, pamene anaphedwa ku Fettercairn, ndipo wachitatu anaphedwa pankhondo mu 1005. Ku Ireland nakonso dzinali linafala, moti mlakatuli wina wotchuka amene anamwalira mu 975 anali Cináed ua hArtacáin.

Nanga th wa kumapeto kwa Kenneth anachokera kuti, popeza Cináed amathera ndi d? Yankho lake n'losangalatsa kwambiri. M'Chigeliki chakale, d akabwera pambuyo pa liwu lotseguka sankatchulidwa ngati d wathu wa dambo, koma ankafewa, lilime n'kukhudza mano, ngati mmene Angerezi amatchulira th wa m'mawu awo otanthauza bambo ndi mayi. Alembi a Chilatini anayesa kulemba zimene ankamva, ndipo anatulutsa Kinadius, pamene olemba m'chilankhulo cha Scots, cha kuzigwa za kum'mwera, analemba Kyned ndi zina zofanana nazo, mpaka kalembedwe ka Kenneth kanakhazikika. Kenaka Chigeliki chenichenicho chinasintha. Cha m'zaka za m'ma 1200 liwu la pamano lija linatha m'chilankhulocho, moti ku Ireland dzinali linasanduka Cionaodh, ndipo zilembo zomalizazo sizimvekanso monga kale. Motero kalembedwe ka alendo ndi kamene kanasunga liwu limene eni dzina analitaya zaka mazana ambiri zapitazo.

Dzina lachiwiri ndi Cainnech, limene lero ku Scotland limalembedwa kuti Coinneach, ndipo chiyambi chake n'chomveka bwino kusiyana ndi cha linzake. Linachokera ku mawu akale akuti cain, otanthauza wokongola kapena wowala maonekedwe. Amene analitchukitsa ndi Cainnech woyera, mmonke wa kumpoto kwa Ireland amene anabadwa cha m'ma 515 kudera la Dungiven n'kumwalira cha m'ma 600. Iye anakhazikitsa nyumba ya amonke ku Aghaboe, dzina limene m'Chigeliki limatanthauza busa la ng'ombe, ndipo anali bwenzi la Columba, mmonke amene mu 563 anawolokera ku Scotland n'kuyambitsa nyumba yotchuka ya pachilumba cha Iona. Mpingo umamukumbukira pa 11 Okutobala.

Pali kankhani kamodzi kokhudza munthuyu kamene ndimakakonda, ndipo kanalembedwa ndi Adomnán, mkulu wa amonke a ku Iona amene anamwalira mu 704, m'mbiri ya moyo wa Columba. Tsiku lina Columba ndi amonke ake anali m'ngalawa pakati pa nyanja pamene namondwe anawagwera, ndipo amonkewo anam'chonderera kuti awapempherere. Columba anawayankha kuti tsiku limenelo udindo wopemphera sunali wake, koma wa Cainnech, amene anali kutali ku Aghaboe. Pa ola lomwelo Cainnech anali atangokhala pansi kuti adye, wayamba kale kunyema buledi, ndipo mwadzidzidzi anamva mawu a mnzake mumtima mwake. Anadzambatuka patebulo n'kuthamangira kutchalitchi nsapato imodzi ili kuphazi, inayo atayisiya m'mbuyo chifukwa cha changu, akunena kuti si nthawi yodya pamene ngalawa ya Columba ili pangozi. Atagwada n'kupemphera, namondwe analeka. Kaya munthu akhulupirira zozizwitsa kapena ayi, nsapato imodziyo imatisonyeza mmene anthu a nthawiyo ankamukumbukirira Cainnech, ndipo imatithandiza kumvetsa chifukwa chake makolo ankafuna kuti ana awo atchedwe dzina lake.

Dzinali linatsalanso pa malo. Mzinda wa Kilkenny ku Ireland m'Chigeliki ndi Cill Chainnigh, kutanthauza tchalitchi cha Cainnech, ndipo tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, chimene chinamangidwa m'zaka za m'ma 1200 pafupi ndi nsanja yozungulira yakale kwambiri, chimatchedwa St Canice's. Kumadzulo kwa chilumba cha Mull ku Scotland kuli kachilumba kotchedwa Inch Kenneth, komwe kuli mabwinja a kachisi wakale. Onani zimene zachitika apa: munthu mmodzi yemweyo ku Ireland Chingerezi chinamutcha Canice, potengera kalembedwe ka Chilatini koti Canicus, pamene ku Scotland chinamutcha Kenneth, dzina limene kwenikweni linali la mafumu aja.

Kusokonezeka kumeneku sikunachitike mwangozi chabe. Dzina la Cináed linayamba kuchepa ku Scotland pambuyo pa nthawi ya mafumu akale, pamene Coinneach linachuluka kumapiri ndi kuzilumba, ndipo mlembi aliyense amene ankakumana ndi munthu wotchedwa Coinneach ankafuna dzina lodziwika kale m'mabuku loti alembe m'malo mwake. Kenneth linali pafupi, linkayamba ndi liwu lofanana, ndipo linali ndi ulemu wachifumu. Boma nalo linkakankha kuti Chigeliki chichepe mphamvu. Malamulo a ku Iona a mu 1609 anakakamiza mafumu a mafuko a kuzilumba kutumiza ana awo achisamba kusukulu za kum'mwera kuti akaphunzire Chingerezi, kalembera wa boma wa ana obadwa amene anayamba mu 1855 ankachitika m'Chingerezi, ndipo lamulo la maphunziro la mu 1872 silinapereke malo alionse kwa Chigeliki. Zotsatira zake zinali zoti pafupifupi dzina lililonse la Chigeliki linapatsidwa mnzake wa m'kaundula, nthawi zambiri wosagwirizana nalo n'komwe. Tormod anakhala Norman, Ruairidh anakhala Roderick, Eachann anakhala Hector, Gilleasbaig anakhala Archibald. Ife amene makolo athu ena anali ndi dzina la pakhomo ndi dzina lina la kusukulu kapena la ubatizo sitifunika kufotokozeredwa zambiri za mmene zimenezi zimakhalira. Chomvetsa chisoni n'chakuti kusokonezekako kunabwerera n'kulowa m'Chigeliki momwe, moti lero olankhula chilankhulochi akamanena za mfumu ya mu 858 ija amati Coinneach mac Ailpein, kuipatsa dzina limene iyo sinkadziwika nalo ili moyo.

Katchulidwe ka Coinneach si kovuta kwa ife monga mmene kalembedwe kake kangaopsezere. Zilembo za pakati zimamveka ngati ny wathu wa nyama, choncho chiyambi chake chili pafupi ndi konya, ndipo ch womaliza si ch wathu wa chala, koma liwu lokhuta lotulukira kukhosi, lomwe limamvekanso m'mawu awo akuti loch, otanthauza nyanja. Munthu ayenera kusamala kuti asatalikitse o woyambayo, chifukwa còinneach, wokhala ndi kachizindikiro pamwamba, ndi ndere zomera pamiyala yonyowa.

Komanso dzina m'Chigeliki silikhala chimodzimodzi nthawi zonse, limasintha malinga ndi ntchito yake m'chiganizo. Mayi wa pachilumba cha Lewis akaima pakhomo madzulo kuitana mwana wake kuti abwere adzadye, sanena kuti Coinneach, koma amati a Choinnich. Liwu loyamba lafewa n'kulowa kukhosi, ndipo mathero asintha. Khutu la Mchewa likhoza kumva a ameneyu ngati a wathu waulemu, wa a Phiri ndi a Banda, koma kwa iwo ndi kachizindikiro koitanira chabe, kamene kamagwiritsidwa ntchito kwa khanda ngakhalenso kwa mfumu. Kusintha kotereku kunasokoneza alendo mpaka kubala mayina atsopano, ndipo chitsanzo chodziwika ndi Hamish, dzina limene linabadwa pamene anthu osadziwa chilankhulocho anamva Seumas akuitanidwa kuti a Sheumais n'kuganiza kuti limenelo ndiye dzina lake. Ndipo popeza mudzi umodzi unkatha kukhala ndi a Coinneach ambiri, anthu ankawasiyanitsa ndi mawu owonjezera: Coinneach Mòr wamkulu, Coinneach Beag wamng'ono, Coinneach Ruadh wa tsitsi lofiira, Coinneach Bàn wa tsitsi loyera. Wotchuka pa onse otere ndi Coinneach Odhar, kutanthauza wotumbuluka, mlosi amene nthano zimati ankaona zam'tsogolo kudzera pa mwala wobooka, ndipo anatenthedwa mu mgolo wa phula ku Chanonry Point atakwiyitsa mkazi wa mfumu ya Seaforth, mtsogoleri wa fuko la Mackenzie. Zikalata za boma zimatchuladi munthu wa dzina limeneli amene ankafunidwa pa mlandu wa ufiti kumapeto kwa zaka za m'ma 1570, ngakhale kuti nthanoyo imamuika pafupifupi zaka 100 pambuyo pake.

Kuchokera ku kusintha komweku ndi kumene kunatuluka dzina la fuko. Mwana wa Coinneach ndi MacCoinnich, ndipo mwana wamkazi ndi NicCoinnich, kusiyana kumene kungatikumbutse Banda ndi Nabanda. Fuko la MacCoinnich, limene kwawo kunali ku Kintail ndipo mafumu ake anapatsidwa udindo wa Seaforth mu 1623, ndi limene dziko lonse limalidziwa kuti Mackenzie. Z ameneyu ali ndi mbiri yakeyake. Alembi a chilankhulo cha Scots anali ndi chilembo chakale chotchedwa yogh, chooneka ngati nambala 3 yokhala ndi mchira, ndipo ankachigwiritsa ntchito polemba liwu la ny lija. Makina osindikizira mabuku atafika m'zaka za m'ma 1500, osindikiza analibe chilembo chimenechi m'mabokosi awo, choncho anatenga z chifukwa choti ankafanana nacho maonekedwe. Kwa nthawi ndithu anthu ankaona z koma n'kumatchulabe kuti Makenyi, mpaka mibadwo yophunzira kuwerenga inayamba kukhulupirira pepala kuposa makutu ake. Dzina lina la ku Scotland, Menzies, linakumana ndi zomwezo, koma ambiri kumeneko amalitchulabe mwakale kuti Mingis.

Ku Ireland, dzina la Cináed linabala mayina a mabanja akeake. Mac Cionaoith, banja la kumpoto kwa County Monaghan, linasanduka McKenna, ndipo Ó Cionaoith linasanduka Kenny. Koma pano m'pofunika kuchenjera, chifukwa si dzina lililonse loyamba ndi Ken limene lili pachibale ndi awiri athuwa. Kennedy linachokera ku Cennétig, dzina la bambo wa Brian Boru, mfumu ya ku Ireland, ndipo muzu wake ndi mawu otanthauza mutu. MacKinnon ndi mwana wa Fionghuin, munthu wina kotheratu. Ku Wales kuli woyera mtima wotchedwa Cenydd, wa ku Llangennith, amene Chingerezi chimamutchanso Kenneth nthawi zina, ngakhale kuti dzina lake ndi la chilankhulo cha ku Wales.

Kwa zaka mazana ambiri Kenneth linali dzina la ku Scotland makamaka. Linayamba kuwoloka malire m'zaka za m'ma 1800, pamene Angerezi anayamba kukonda nkhani za kumapiri a ku Scotland, ndipo buku la Walter Scott la mu 1825 lotchedwa The Talisman, limene ngwazi yake ndi Sir Kenneth, linathandizapo. Pofika zaka za m'ma 1920 ndi 1930 linali limodzi mwa mayina ofala kwambiri ku England ndi ku America, ndipo pambuyo pake linafika ku Sweden, Denmark ndi Norway, kumene ena amalilemba kuti Kennet. Mayina achidule a Ken ndi Kenny anatsagana nalo. Kumapiri a ku Scotland, kumene mwambo wotcha mwana dzina la agogo ake unali wamphamvu, mwana wamkazi ankatha kulembedwa m'kaundula kuti Kenina, monganso ena ankalembedwa Donaldina kapena Murdina. Ndipo ku America, kumapeto kwa zaka za m'ma 1900, makolo anayamba kutcha ana awo aakazi Mackenzie, mosaganizira kuti Mac amatanthauza mwana wamwamuna.

Kuno kwathu mayina onse awiri, Mackenzie ndi Kenneth, anafika ndi amishoni. Bishopu Charles Frederick Mackenzie anatsogolera gulu la amishoni a Angilikani la UMCA limene linakhazikika ku Magomero mu 1861, ndipo anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Sukulu ina ku Lilongwe imatchedwabe dzina lake. Kenaka kunabwera mishoni za anthu a ku Scotland, ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876, ndipo kudzera m'sukulu ndi m'maubatizo awo mayina ngati Kenneth, Donald, Duncan ndi Malcolm, onse a Chigeliki, analowa m'mabanja athu atavala zovala za Chingerezi. Kenneth wodziwika kwambiri m'chigawo chino cha Africa anatuluka mumzere umenewu. Bambo ake, David Kaunda, anali mphunzitsi ndi mlaliki wochokera ku Nyasaland amene mishoni ya Livingstonia inamutumiza kudera la Chinsali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mwana wawo womaliza anabadwira ku Lubwa pa 28 Epulo 1924. Anamutcha Kenneth David, komanso anamupatsa dzina la pakhomo loti Buchizya, kutanthauza wosayembekezeka. Iyeyu ndiye anadzalamulira Zambia kuyambira 1964 mpaka 1991, ndipo anthu ake anafupikitsa dzinalo kufika pa zilembo ziwiri zokha, KK, zonse ziwiri zosapezeka m'Chigeliki.

M'kamwa mwathu dzinali likusinthabe. Chichewa sichilola mawu kuthera mouma, choncho timawonjezera i kumapeto, ndipo liwu la pamano lija tilibe. Ena amati Keneti, ena amawerenga th mwa Chichewa ngati wa thumba n'kunena kuti Kenethi, ndipo ena, makamaka pomvera mmene azungu amatchulira, amati Kenefi. Liwu limene olankhula Chigeliki analisiya m'zaka za m'ma 1200, limene alembi a kum'mwera kwa Scotland analisunga papepala, lafika kuno n'kusowanso malo palilime, ndipo mwana akamaitanidwa pabwalo la sukulu ku Mzimba kapena ku Chipata, chimene chimamveka bwino ndi mbali yoyamba ija, imene mfumu ya a Picts ya mu 775 inali nayo kale.